Kachitsulo Kamene Kadatidyera Mbuzi Ziwiri

Amayi anzanga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwadabwa poona nkhani ya njinga yamoto pa tsamba lino, pamene mudazolowera kuwerengapo za kaphikidwe, kasokedwe ndi kaleredwe ka ana. Kapena mukufunsa kuti za masipanala ndi oyilo wakuda zikutikhudza bwanji ife, popeza zimenezo n'za abambo. Inenso ndinkaganiza chomwecho kwa zaka zambiri. Koma tsiku limene njinga ya pakhomo pathu idafera panjira, amene adayenda mumdima mwana wodwala ali kumsana ndine, ndipo amene adatulutsa mbuzi m'khola kukagulitsa ndinenso. Kuyambira pamenepo ndidaleka kunena kuti za injini si zanga. Tsono ndikupemphani kuti mundilole ndikufotokozereni za kachitsulo kena kobisika m'kati mwa injini, kotalika ngati mpeni wosendera mbatata, kamene kutha kwake ndidakumva ndi makutu angawa kwa miyezi isanu koma osachitapo kanthu.

Kwathu ndi kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu, dziko lozizira la mbatatesi, kabichi ndi matimati. Bambo a kunyumba adagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo atapuma adagula njinga yakale ya Honda, ya mtundu wa XL125S, umene udayamba kupangidwa ku Japan. Amayi achikulire mukukumbukira njinga zazitali zoterezi, zimene alangizi ndi azaumoyo ankabwera nazo m'midzi mwathu. Yathuyi idatipeza itakalamba kale, komabe idatitumikira mokhulupirika. Ndiyo inkanyamula madengu a matimati kupita kumsika, ndiyo inkapita ndi chimanga kuchigayo, ndiyonso inkatifikitsa kumaliro akutali ndi kuchipatala. Ndinene poyera pano kuti njingayo siidatilakwire kanthu. Chitsulo chilichonse chogwira ntchito chimatha, monga momwe khasu limathera ndi kulima. Olakwa tidali ife eni ake.

M'mwezi wa Juni 2023, chisanu chili pakati, ndidamva phokosolo koyamba. Ndinkasesa pabwalo m'mamawa pamene bambo ankaliza njinga kuti itenthe. Inu mukudziwa, amayi, kuti khutu la mkazi ndi lophunzira. Timadziwa kuti madzi a nsima afika pofuna ufa tisadavundukule mphika, ndipo timasiyanitsa kulira kwa mwana wanjala ndi kulira kwa mwana wodwala tili kuseri kwa nyumba. Kulira kwa njinga imeneyi ndidali nditakumva m'mawa uliwonse kwa zaka khumi, kotero ndidazindikira msanga kuti mwalowa liwu lachilendo. Linkachokera kumanzere kwa injini, ndipo linkamveka ngati mtedza wouma wogwedezedwa m'chitini. Linkakula injini ikakhala yozizira, ndiponso ikamalira pang'onopang'ono njinga itaima. Bambo akawonjezera moto linkabisala m'phokoso lina lonse.

Madzulo ake, titatha kudya, ndidati, "Bambo, njinga ija ikulira mwachilendo. Kodi simudamve?" Iwo adaseka nati, "Mayi, nkhalamba siilephera kutsokomola m'mawa. Musavutike nazo, ndiikonza mawa." Kutacha adatenga sipanala, namasula kabawuti kena kumbuyo kwa injini, nakamanganso, ndipo phokoso lidatha ndithu. Ndidachita manyazi kuti ndidalankhulapo pa zinthu zosazidziwa. Patapita masabata atatu lidabweranso, ndipo iwo adachitanso chimodzimodzi. Kachitatu, m'mwezi wa Ogasiti, sipanala siidathandize konse. Pamenepo bambo adanena okha kuti njingayo ikufunika kuonedwa ndi mmisiri.

Apa ndi pamene pali kulakwa kwanga, ndipo sindikubisirani. M'nyumba mwathu wosunga ndalama ndine. Pa nthawiyo ndinkasonkhanitsa za feteleza ndi mbewu, ndiponso ndidali ndi ngongole ya banki m'khonde yoyenera kubwezedwa mwezi ndi mwezi. Nditamva za mmisiri ndidayankha kuti, "Popeza ikuyenda, iyambe yayenda. Tidzaona tikagulitsa matimati." Matimati tidagulitsa, koma ndalama zidapeza njira zina. Khutu nalonso lidazolowera, mpaka phokoso lija lidasanduka ngati kulira kwa tambala, kumene munthu amakumva osakuganizira. Makolo amati chakudza sichiimba ng'oma, koma chathuchi chidaimba ng'oma pakhomo pathu m'mawa uliwonse, ine n'kumangosesa pabwalo.

Chakumapeto kwa Novembala, mvula yoyamba itagwa, mdzukulu wathu wa zaka ziwiri adatentha thupi usiku nayamba kubanika. Mayi wake adali ndi khanda la masabata ochepa, choncho wobereka mwanayo ndi kukwera kumbuyo kwa bambo ndidali ine. Tidayenda bwino mpaka pa mtsetse wotsikira kudambo. Bambo atangochepetsa moto, injini idati khotcho! kamodzi, ngati mbale yachitsulo yagwa pa simenti, kenaka zii. Adayesa kuiliza, koma chopondera chinkangotsika mopepuka, popanda mphamvu iliyonse yochibweza. Tidakankhira njinga pakhomo pa anthu ena amene tidachita kuwadzutsa, ndipo mtunda wotsalawo tidauyenda pansi, m'matope, tochi ya pa foni ili m'manja, ine ndikumvetsera kapumidwe ka mwana pamsana panga. Tidafika kuchipatala tambala woyamba atalira. Chidali chibayo. Mwanayo adagonekedwa masiku anayi ndipo adachira, koma maola awiri a ulendo umenewo sindidzawaiwala moyo wanga wonse.

Masiku anayi amenewo, nditakhala pa mkeka pambali pa bedi la mwana, ndidali ndi nthawi yoganiza. Amayi ena a m'chipindamo ankafotokoza za maulendo awo, wina pa ngolo, wina pa machira, wina pa njinga yakapalasa, ndipo ankandiyesa wamwayi pomva kuti kwathu kuli njinga yamoto. Sindidawauze kuti njingayo ili pakhomo pa anthu itafunditsidwa chiguduli, ndi kuti ineyo ndili ndi gawo pa imfa yake. Ndidazindikira kuti ndinkadziwa mtengo wa chilichonse m'nyumba mwanga, kuyambira sopo mpaka thumba la feteleza, koma chinthu chimene chinkabweretsa ndalama zogulira zonsezo sindinkadziwa ngakhale dzina la chiwalo chake chimodzi. Titatuluka m'chipatala, njinga idabwera kunyumba pa ngolo ya ng'ombe, ana a m'mudzi akuilondola pambuyo ngati maliro.

Sabata yotsatira bambo adaitana mmisiri wa njinga zamoto, mnyamata amene ndidamuona akukula, kuti adzagwirire ntchitoyo pakhomo. Adayala thumba loyera pansi pa mtengo wa pichesi nayamba kumasula. Ine ndidatenga lichero la nyemba ndi kukhala pafupi. Ndidamuuza kuti, "Mwananga, ndalama zimene ulandire pano ndi za mbuzi zanga. Chilichonse chimene uchotse undionetse, undiuzenso ntchito yake. Safunsa adadya phula." Iye adayankha mwaulemu kuti, "Amayi, eni njinga onse akadamafunsa chotere, ntchito yathu ikadapepuka." Zimene adandiphunzitsa pa masiku awiri amenewo ndi zimene ndikupatsiraniko inu, m'mawu angaanga.

Taganizirani atsikana awiri akusinja mu mtondo umodzi. Munsi wa uyu ukamatsika, wa uyo ukukwera, ndipo ngakhale afulumire chotani minsiyo siigundana, chifukwa aliyense akusunga nthawi yake. Koma mmodzi akangophonya kamodzi, minsi imawombana ndipo wina amapweteka. M'kati mwa injini mumachitika zofanana ndi zimenezi. Muli pisitoni, chitsulo chonga kapu yovundikira, imene imakwera ndi kutsika mu mphako yake. Pamwamba pake pali tizitseko tiwiri totchedwa mavalavu, tooneka ngati bowa wa tsinde lalitali. Valavu ina imalowetsa mpweya wosakanizika ndi petulo, inzake imatulutsa utsi. Potseguka, valavu imatsikira m'malo omwewo amene pisitoni imafikamo ikakwera. Ziwirizi zimalowa mu mtondo umodzi mosinthana, ndipo liwiro lake ndi loopsa, pakuti injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi imodzi, valavu iliyonse imatseguka ka 50 pa sekondi imodzi.

Chimene chimasunga nthawi imeneyi ndi tcheni. Sindikunena tcheni chachikulu chija chooneka kunja, chimene chimazunguza tayala lakumbuyo, ayi. M'kati mwa injini, kumanzere, muli tcheni china chaching'ono chosamba mu oyilo, chimene amisiri amachitcha tcheni cha taiming'i. Pansi chimakola gudumu laling'ono la mano, limene limazungulira ndi mphamvu ya pisitoni. Pamwamba chimakola gudumu lina la mano, lomangidwa ku kamshafiti, ndiye kuti kamtengo kachitsulo kokhala ndi zotupa ziwiri zonga linunda la ng'ombe, zimene zimakankha mavalavu kuti atseguke. Gudumu lapamwamba lili ndi mano ochuluka kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi lapansi, kotero lapansi likazungulira kawiri, lapamwamba limazungulira kamodzi. Malinga tcheni chikhale chokungika, dzino lililonse limagwa pamalo pake, ndipo valavu imachoka pisitoni isadafike.

Tsono tcheni sichingakungike chokha. Kumbuyo kwake kumakhala kachitsulo kopyapyala, kopindika ngati uta, kokutidwa ndi mphira wolimba kumbali yokhudzana ndi tcheni. Kameneka ndiko amisiri amakatcha tenshona, ife tingoti chokungira. Sipuling'i imachikanikiza pa tcheni, ndipo kabawuti kaja bambo ankamasula ndiko kamalola sipuling'iyo kuchotsa kukhwefuka kumene kwalowa, kenaka n'kugwira chokungira pamalo atsopano. Kutsogolo kwa tcheni kuli kachitsulo kanzake kowongoka, kotchedwa gaidi, kamene ntchito yake ndi kuletsa tcheni kupatuka. Tcheni chimakhukhuza pa mphira wa tizitsulo tiwiriti nthawi yonse imene injini ikulira. Zaka zikamapita, kutentha ndi oyilo wakale zimaumitsa mphira uja, tcheni chimakumbamo ngalande, ndipo nachonso chimatalika chifukwa timfundo take timadyeka. Limadza tsiku limene sipuling'i yakankha mpaka pothera, moti ngakhale mumasule ndi kumanga kabawuti kangati, palibe chosintha. Kwa ife tsiku limenelo lidali la mu Ogasiti lija.

Mmisiri adayamba ndi kutsanula oyilo, namusefa pa kansalu koyera monga timasefera mkaka. Pa kansalupo padatsala tizidutswa takuda ta mphira ndi fumbi lonyezimira la chitsulo. Adatulutsanso kasefa ka oyilo kamene kamakhala kuseri kwa chotsekera pansi pa injini, ndipo kadali katatsekeka theka ndi zinyalala zomwezo. Adandiuza kuti pamenepa padali ngozi yachiwiri imene tidaizemba, pakuti sefa ikatsekeka oyilo safika kumutu kwa injini, ndipo kamshafiti imadya malo ake ogona, kumene ndi kuwonongeka kodula koposa. Atatsitsa injini pa njinga, adatsegula kabowo ka pa chivundikiro cha kumanzere, nandionetsa m'mphepete mwa chigudumu cholemera chotchedwa magineto, pamene padadindidwa chilembo cha T. Adachizunguza mpaka chilembocho chidalunjika pa kamzere kake, kusonyeza kuti pisitoni yafika pamwamba penipeni. Pa nthawi imeneyo kachizindikiro ka O ka pa gudumu lapamwamba kayenera kulunjika pa kamzere kakenso. Kathu kadali katapatuka ndi mano atatu. Tcheni chokhwefuka chija chidalumpha pa mtsetse paja, minsi n'kuwombana.

Atachotsa mutu wa injini tidaona zotsatira zake. Valavu yotulutsa utsi idali itapindika tsinde, moti siinkatseka, ndipo n'chifukwa chake chopondera chinkatsika mopepuka usiku uja, pakuti mpweya unkangothawira pampata. Pamwamba pa pisitoni padali kachipsera konga ka chikhadabo, koma mwamwayi siidasweke. Kenaka adasolola chokungira nachiika m'manja mwanga. Amayi, ndidachiyang'ana nthawi yaitali. Mphira wake udali wouma ngati chikopa choiwalidwa padzuwa, wong'ambikang'ambika, ndipo pakati pake padali ngalande ziwiri zozama mpaka chitsulo kuonekera. Adaika chatsopano pambali pake, chosalala, chopanda ndi mzere womwe. Matcheni awiri nawonso adawagoneka pamodzi pa thumba paja, ndipo chakale chidaposa chatsopano kutalika, komanso chinkapindikira m'mbali ngati njoka yakufa. Pomaliza adandigwiritsa khoma la m'njira ya tcheni, pamene chinkamenya mpaka kukumba. Limenelo ndilo lidali phokoso la mtedza m'chitini. Kwa miyezi isanu ndinkamvetsera injini ikudzidya yokha.

Pa kabwezeredwe ka zatsopano ndidaonapo zinthu zingapo zimene mungazindikirire mmisiri wosamala, ngakhale inu simudagwirepo sipanala chibadwire. Choyamba, sasintha chokungira chokha. Tcheni, chokungira, gaidi ndi sipuling'i zimakalamba pamodzi, ndipo tcheni chakale chimadya mphira watsopano msanga. Popeza injini yatsegulidwa kale, kusiyamo chimodzi chakale ndi kulipira ntchito yomweyo kawiri. Chachiwiri, pochotsa magineto kuti afike kumunsi kwa tcheni amatenga chida chake chozulira, osati nyundo, pakuti kumenya kumaswa kapena kupinda zitsulo zodula. Chachitatu, amatseka mabowo onse otseguka ndi nsanza yoyera, chifukwa kanati kamodzi kakagwera m'mimba mwa injini, ntchito ya tsiku limodzi imasanduka ya sabata yathunthu. Chachinayi, amaika magasiketi atsopano, timapepala tolimba tija totseka mipata pakati pa zitsulo, m'malo mopaka zomatira pa akale kuti apulumutse ndalama.

Valavu yatsopano adainola pa mpando wake ndi phala la mchenga wosalala, akuipekesa pakati pa zikhatho monga makolo ankapekesera moto, kufikira idakhazikika bwino osadutsa mpweya. Atabwezera mutu, adakoleka tcheni chatsopano pa magudumu onse awiri, T ali pa mzere wake, O alinso pa mzere wake, ndipo adayang'ana kawiri asadamange mabawuti. Apa pali chinthu chimene ndikufuna muchisunge. Asadalize injini, adaizunguza ndi dzanja pang'onopang'ono maulendo awiri athunthu, akumvetsera ngati pali pogunda, kenaka nayang'ananso zizindikiro zija. Adati dzanja limamva kugunda lisadaphwanye kanthu, pamene chopondera chimayamba chaphwanya. Pambuyo pake adayeza mpata wa mavalavu injini ili yozizira, ndi kachitsulo kopyapyala ka mamilimita 0.05, kuchindikala kwake ngati tsitsi limodzi. Adaibwezera injini pa njinga, nathira oyilo watsopano pafupifupi lita imodzi, naiiza kamodzi kokha.

Injini ikulira pang'onopang'ono, adamasula kabawuti ka chokungira kuti sipuling'i ipeze malo ake, nakamanganso osawonjezerapo mphamvu ya dzanja lake. Ndidamufunsa chifukwa chake sakukunga kwambiri kuti tcheni chisadzakhwefukenso msanga. Adandiyankha ndi funso, nati, "Amayi, lamba wa makina anu osokera mukamukunga mopitirira, chimachitika n'chiyani?" Ndidati makina amalemera kupalasa ndipo lamba sachedwa kuduka. Adati ndi chimodzimodzi. Tcheni chokhwefuka chimachita phokoso la mtedza m'chitini. Chokungika mopitirira chimalira mosalekeza ngati nyenje, ndipo chimadya mphira watsopano pamodzi ndi malo ogona kamshafiti. Chabwino chimangomveka waa, ngati mvula yamawawa pa udzu. Adandiphunzitsanso liwu lina loti ndisalisokoneze ndi amenewa, kugogoda kwakung'ono konga kwa wotchi, kochokera pamwamba penipeni. Kumeneko ndi kukula kwa mpata wa mavalavu, ndipo kumakonzedwa popanda kutsitsa injini.

Tsono za mbuzi zija. Mmisiri adandiwerengera kuti tikadamuitana mu Ogasiti tikadagula tcheni, chokungira, gaidi ndi magasiketi basi, ndipo nkhuku zingapo ndi madengu awiri a matimati zikadakwanira. Pochedwa tidawonjezerapo valavu, ntchito yonola, ndi ulendo wachiwiri wa ku Lilongwe kukafuna zipangizo zenizeni. Pamwamba pa zimenezo, mu Novembala 2023 momwemo ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 aliwonse, ndipo popeza zitsulo zonsezi zimachokera kunja, mitengo yake m'masitolo idakwera nthawi yomweyo. Ndidagulitsa mbuzi ziwiri zimene ndinkasungira fizi ya mu Januwale ya mwana wathu wotsiriza, amene adali kusekondale. Kwa masabata atatu katundu wathu adapita kumsika pa njinga za eni ake zolipira, phindu n'kumatsalira panjira. Ndalama zimene ndinkati ndikupulumutsa mu Ogasiti ndidazilipira katatu mu Disembala.

Usiku wa tsiku limene njinga idaliranso, bambo adakhala chete nthawi yaitali pakhonde, kenaka adati, "Mayi, paja mudanena mu Juni." Ndikadatha kukondwa ndi mawu amenewo, koma chilungamo chidandiletsa. Ndidati, "Ndidanena kamodzi, bambo, ndipo pamene inu mudafuna mmisiri, wokaniza ndalama ndidali ine." Tidagwirizana usiku womwewo kuti njinga ikhale ndi chitini chake. Tsiku lililonse la msika ndimaponyamo kangachepe ndisadagule ndi mchere womwe, ndipo ndalama imeneyo siikhudzidwa ngakhale kubwere mlendo. Kumapeto kwa kope langa la banki m'khonde ndimalembako tsiku lothira oyilo ndi nambala ya makilomita. Mmisiri adatilangiza kuti pa misewu yathu yafumbi tisapitirire makilomita 1,000 tisadasinthe oyilo, ndipo wokumbutsa ndine.

Mwina mukufunsa ngati njinga ya kwanu ili nacho tcheni chimenechi. Si zonse ayi. Njinga zofuka utsi wambiri, zimene zimawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, monga Yamaha DT125, zilibe mavalavu otere, choncho zilibenso tcheni cha m'kati. Honda CG125 ili nawo mavalavu, koma amakankhidwa ndi tindodo tachitsulo. Mbiri yake ndi yophunzitsa. Mu 1974 akatswiri a kampaniyo adayendera maiko a kumwera chakum'mawa kwa Asia, napeza anthu akusenzetsa njinga katundu wolemera ndi kuyenda ndi oyilo mpaka atasanduka phala, osapita kwa mmisiri kufikira njinga itafa. Atabwerera kwawo adapanga injini yopirira kusasamalidwa, imene idatuluka mu 1975, ndipo njinga zambiri za ku China zidatengera kapangidwe kake. Koma zina, monga Bajaj Boxer ya ku India imene anyamata ena a kabaza amayendetsa, zili ndi tcheni ndi chokungira. Pa njinga zambiri zatsopano chokungira chimadzikankha chokha popanda sipanala, komabe mphira wake umatha monga wathu. Funsani mmisiri kuti yanuyo ndi ya mtundu uti.

Masiku ano amayi ena, amasiye ndi a pabanja omwe, agula njinga ndi ndalama za geni kapena za ngongole, napatsa mwana wawo kapena mnyamata wolembedwa kuti aziyendetsa kabaza. Kwa inu nkhaniyi ndi yofunika koposa. Mnyamata amene ayenera kubweretsa ndalama madzulo aliwonse sangakuuzeni msanga za phokoso, chifukwa tsiku limene njinga ili kwa mmisiri iye sadya. Musamuimbe mlandu. Ingodzukani m'mawa, muime kumanzere kwa njinga pamene akuiliza ili yozizira, mumvetsere. Pa tsiku losintha oyilo mukhalepo, muone maonekedwe ake ndi zimene zatsalira pa sefa. Mukaona tizidutswa takuda kapena fumbi lonyezimira, njingayo isanyamule munthu mpaka itaonedwa, pakuti injini ikhoza kuima mwadzidzidzi pakati pa msewu, galimoto ili m'mbuyo. Pogula zipangizo musathamangire zotsika mtengo kwambiri, ndipo zakale zimene zachotsedwa muzipemphe, muzione ndi maso anu.

Kwa inu amene njinga ndi ya bambo, ndikudziwa kuti kulankhula n'kovuta. Mwamuna sakondwa kuuzidwa za chitsulo chake pamaso pa anzake kapena pa ana. Sankhani nthawi yabwino, muli awiri, ndipo musapite ndi mawu okha. Pitani ndi kangachepe m'manja, munene kuti, "Bambo, iyi ndi ya mmisiri, akangoimvetsera chabe." Akakana lero, mudzanenenso mawa mofatsa. Ulemu sutanthauza kukhala chete pamene chinthu chodyetsa banja lonse chikuwonongeka, ndipo paja wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndidanena kamodzi n'kuchita manyazi, kenaka n'kuumira dzanja, ndipo ziwirizo zidatsala pang'ono kunditayitsa mdzukulu.

Chokungira chakale chija sindidachitaye. Chili pa zenera la kukhitchini, pafupi ndi chitini cha njinga, ndipo mdzukulu uja, amene tsopano amathamanga pabwalo ponse, amachitenga nthawi zina kuseweretsa ngati uta. Njinga ikuyendabe, ndipo mbuzi zayambanso kuswana m'khola. M'mawa uliwonse pamene bambo akuliza injini ndimaimika tsache kwa kanthawi ndi kutchera khutu, ndipo iwo amandiyang'ana, kudikira kuti ndivomere ndi mutu asadanyamuke. Mawa m'mawa, amayi anzanga, nanunso muimike tsache kwa kanthawi, mumve mmene ya kwanu ikulirira.